Chithunzi cha Amayi Chafika ku Beira

Zingwangwa, Blantyre
18 Ogasiti 2019

Okondedwa achemwali a Luisa,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga amayi, maso aja asiya kuyabwa? Ine ndili bwino, kungoti kuzizira kwa kuno sindinakuzolowerebe. Thupi langa likadali la kuchigwa.

Mudabwa kuti ndalemba kalata m'malo moimba foni. Ndapatsira a Thom, amene akubwera kumudziko, chifukwa nkhaniyi si yoti muimve modukaduka mutaima pachulu kusaka netiweki.

Ntchito imene anandipempha a Goodwell, aphunzitsi aakulu, yopangira sukulu yathu tsamba la pa intaneti, ndamaliza. Kwa nthawi yaitali tsambalo linangokhala mu kompyuta yanga. Ndinkaopa kulitulutsa poganiza kuti odziwa ntchitoyi andiseka. Kuti ena alione, pamafunika kulitumiza ku seva, kompyuta ina yosazimitsidwa imene ili kutsidya kwa nyanja, m'nyumba imene mwina sindidzaiona n'komwe.

Tsiku lotumizalo ndinkangoonerera zithunzi zikuchoka chimodzichimodzi: makalasi okhala ndi mzere wa matope m'khoma, ana akutsika m'bwato mabuku ali pamutu. Kenako ndinatsegula foni, sukulu yathu n'kutulukira. Ndinaimbira mnzanga wa kusukulu uja Witness ku Joni, ndipo anati akuiona, mpaka anazindikira zenera limene ankathawira. Achemwali, zinthuzi ndinaziphunzira ku yunivesite, koma tsitsi linandinyamuka. Kwathu kwa Nyachikadza kumene galimoto silifika, munthu akukuona ali m'dziko lina!

Pali chithunzi china cha amayi a m'mudzi akuumba njerwa madzi ataphwa. Ine ndinkafuna kungolemba pansi pake kuti makolo akuthandiza sukulu. A Goodwell anakana. Anati kwathu munthu sathokozedwa m'gulu, aliyense atchulidwe dzina lake ndi la bambo ake monga amachitira kutchalitchi. Ndinaona ngati zochulutsa, komabe ndinawalemba onse, ndi amayi athu omwe.

Sabata yatha kunabwera uthenga wa m'Chipwitikizi kudzera patsambalo, wochokera kwa mtsikana wa ku Beira. Tsambalo analipeza pa gulu la pa foni la anthu amene anaphunzira kwathu nthawi yothawa nkhondo. Anati ataonetsa amayi ake chithunzicho, iwo anagwetsa lichero n'kunena kuti nkhope imeneyo ndi ya amayi awo owabereka, amene anamwalira kalekale. Atawawerengera dzina la amayi athu lolembedwa pansi pake, anakhala pansi. Mayiyo dzina lawo ndi Justina.

Mukudziwa zimene tinakula tikumva, kuti mng'ono wa amayi, a Justina, anasowa tsiku limene banja linkaoloka Shire pothawa nkhondo, ndipo amalume a Augustino atafunafuna mtembo osaupeza anaika thunthu la nthochi m'manda. Ife tomwe takhala tikulambula manda amenewo.

Poyamba ndinakayika. Pa intaneti achinyengo ndi ambiri, komanso ndimadzidziwa, ndimafulumira kukhulupirira zimene mtima ukufuna. Komabe ndinaimba. A Justina anayankha m'Chisena chenicheni, chathu chija. Anati bwato lawo linabwerera pakati pa mtsinje mfuti zitayamba kulira, ndipo anauzidwa kuti bwato la patsogolo linamira ndi onse. Nawonso analira maliro a mkulu wawo. Nditaphonya Chisena anandiseka, kuseka kokoka mpweya kuja kwa amayi.

Pempho langa ndi ili. Musawauze amayi muli nokha. Yambani mwapita kwa amalume, mukawawerengere kalatayi. Iwo ndi amene anaika nthochi ija, ndiye ndi amene angadziwe mmene munthu wolilidwa kale amalandiridwira pakhomo, ndi choti tichite ndi manda aja. Zimenezi ine sindizidziwa. Akavomera, mundiuze tsiku, ndibwera kuti tidzaimbe foniyo tonse tili pamphasa imodzi.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa amalume ndi azakhali, kwa alamu, ndi kwa ana onse. Kwa a Goodwell mukanene kuti takhuta, zikomo wa kwathu uja, chifukwa chake ndidzawauza ndekha.

Chomaliza. Ndinawafunsa a Justina ngati pali chimene akufuna. Anapempha chimodzi chokha, kuti amayi asauzidwe ali chiimire, muyambe mwawakhazika pansi. Akuti kuyambira ali ana, mkulu wawoyo akadzidzimuka miyendo imafooka, amangogwa. Achemwali, zimenezo sindinalembe patsamba paja.

Ndine mlongo wanu wokukumbukirani,
Lorenso