Mpunga wa Kilombero ku Khonsolo

Okondedwa Malume Absalom,

Ndimakumbukirabe tsiku lija munandibweza pageti ku Zomba kuti ndikatenge nthochi, poti kwa akulu sapita chimanjamanja.

Kuno ku Leicester tili bwino, kuzizira kokha. Khonsolo inatsegula mwayi woti timakampani ta anthu obwera ngati ife tipikisane nawo pa kontrakiti yosamalira okalamba. Popereka mapepala, ndinawanyamulira abwana a kumeneko mpunga wa Kilombero. Anaubweza anthu akuona, nati, "Mayi, ichi kuno ndi chiphuphu." Mapepala athu anawaika pambali.

Amayi asanu amene ndinawalemba ntchito sindinawauzebe, manyazi andigwira. Ntchito imene tili nayo pano ikutha mu Disembala; za pambuyo pake tidzakamba tsiku lina.

Dzulo abwanawo anavomera kuti ndikadzifotokozere Lachinayi m'mawa. Mundipempherere.

Ine mwana wanu,
Keturah