Masaya a mdzukulu wanu

Lachinayi, 11 Julaye

Okondedwa Amayi,

Kaya mwadzuka bwanji ndi miyendo ija? Ife kuno tilipo, koma mtima suli m'malo. Lolemba lapitali mayi amene amatisungira mwana masana anam'bweza pakhomo. Akuti makolo ena akudandaula kuti nkhope yake ipatsira ana awo.

Masaya a mdzukulu wanu afiira, akusweka ngati dothi la m'chilimwe. Amadzikanda mpaka magazi. Tinam'veka masokosi m'manja, wavula ndi mano awiri aja.

Kuchipatala anati si matenda opatsirana. Akuti khungu lake silikusunga chinyezi, ndiye tizim'dzoza mafuta osanunkhira. Ine wa kugalaja ndinamva ngati akunena gasiketi ya injini yotha imene ikudontha. Koma dzina la mafutawo sanalembe, ndipo nesi anali ataitana kale wina.

Kufamase ndinapeza shelefu yonse ndi mafuta okhaokha, zolemba zake zing'onozing'ono, za Chingerezi. Ndinatenga awiri. Oyamba ndi olimba ngati girizi. Amagwira, koma fumbi limakakamira, mwana n'kumapakira m'maso. Achiwiri ndi oyera, ofewa, koma sachedwa kuuma. Achitatu anatipatsa mnzake wa mpongozi wanu, amadzimadzi, onunkhira maluwa. Titam'dzoza amenewo analira ngati tam'thira tsabola.

Ndiye ndinayamba kuyesa pa nkhope yanga, tsaya ili olimba, tsaya ili oyera. Kugalaja anzanga akungonditchula kuti mkwatibwi. Bwana anafunsa ngati oyilo wa injini akumathera kumaso kwanga. Nditakafotokoza kufamase, mtsikana wogulitsa anaseka mpaka kugwira tebulo, akuti nkhope yanga ndi tayala, singandiuze za khungu la khanda. Anati ndisankhe amodzi ndipirire nawo, chifukwa kusinthasintha n'kumene kukuwonjezera. Nditafunsa kuti ati, anati ana amasiyana.

Mpongozi wanu wajomba kuntchito sabata yonseyi. Amuuza kuti akapanda kubwera Lolemba, makina ake osokera apatsa wina. Wosunga ana uja akuti am'landira pokhapokha masaya atapola. Ine ndikajomba, ndiye kuti lendi palibe. Tayambanso kukangana, iye akufuna oyera, ine olimba, pamene tonse sitikudziwa kanthu.

Pempho langa ndi limodzi. Munkanena kuti inenso ndili wakhanda nkhope inkasweka chonchi. Munkandidzoza chiyani, ndipo zinatenga nthawi yaitali bwanji kuti ndipole? Muwauze achemwali andiimbire foni lisanafike Lamulungu. Koma ngati mwaiwala, musapeke kuti mundikhazike mtima pansi. Ingonenani kuti mwaiwala, nditseke maso ndisankhe ndekha.

Mupereke moni kwa amalume, achemwali ndi alamu, komanso ana onse. Mpongozi wanu akuti ndikupatseni moni, ali pompano wagwira timanja ta mwana kuti asadzikande.

Ndine mwana wanu,
Mzime