Mphere ndi Msana wa Abambo

Lochinvar, Harare

Wokondedwa mlongo wanga Melina,

Ndikhulupirira uli bwino ku Cape Town kumeneko pamodzi ndi alamu anga a Ailton. Kodi chifuwa chija chinakusiya? Kuno tili moyo, Mulungu akutisunga. Magetsi okha ndiwo asanduka mlendo wamanyazi, amafika tili m'tulo n'kuchoka tisanawapatse moni.

Tsopano khala pansi, pakuti ndili ndi chilengezo. Ine Lameki, mwana woyamba wa a Gwaza, mwini digiri ya zandale imene ikugwira ntchito yaikulu yobisa mng'alu wa khoma la pabalaza, ndikudziwitsa abale onse okhala kunja kuti banja lathu lagonjetsa mphere. Nkhondo yatha. Mbendera zathu, zomwe ndi mabulangete ndi makabudula am'kati, zikupepezeka pawaya.

Seka ndithu, koma uwerenge mpaka pansi.

Zinayamba ndi chitsiriza wathu Nomatter. Anabwera kuchokera ku kireshi, sukulu ya mkaka ija, akukanda pakati pa zala, amayi ake n'kumati ndi udzudzu. Posakhalitsa tonse tinali m'gulemo: m'zala, m'mikono, m'khwapa, m'chiuno modutsa lamba, ndi madera ena amene munthu salembera mlongo wake. Masana kunkakhala bata. Koma tikangofunda, thupi n'kutenthera, nyumba yonse inkamveka ngati tikupala mamba a nsomba.

Ndinatenga dzanja la mwana n'kulitembenuzira kudzuwa. Ndinaona timatuza, ndi timizere topyapyala ngati njira za chiswe, momwe kachilombo kaja kamakumba n'kuikira mazira. Ndinazidziwa pomwepo, chifukwa tinadwalapo chipinda chonse ndili ku yunivesite. Uwauze alamu kuti maphunziro anga ayamba kubala zipatso. Mkazi wanga Ratidzo anangoti mhezi, ndiyo mphere m'Chishona chakwawo, n'kukhala pansi ngati wamva za maliro.

Ukudziwa kuti kuno matenda sakhala a nyumba imodzi. A Vasco okonza makombi, maminibasi akuno aja, anabwera ndi botolo la oilo wakuda, akuti iwo anachira nayo kalekale. Ndinawayang'ana khungu lawo n'kuthokoza, botolo ndinaliika kutali. Mayi wina wakutchalitchi anati parafini. Wina anati si mphere ayi, ndi nsanje ya anthu chifukwa taika sola padenga. Mai Olinda oyandikana nafe anatipatsa masamba a nimu kuti tiziwiritsa n'kusamba madzi ake, ndipo amenewo ankaziziritsadi kuyabwa, ngakhale kachilombo sankakapha.

Anesi a kukiliniki anatsimikiza kuti ndi mphere. Mankhwala awo anali atatha, choncho anati tigule salufa ku famasi, tisakanize pang'ono chabe ndi vasilini wambiri, tidzole kuyambira m'khosi mpaka kuzala zakumapazi madzulo atatu otsatizana. Zikhadabo tiwenge. Zovala ndi zofunda tiwiritse, zosawiritsika timange m'matumba akuda apulasitiki zikhale padzuwa sabata yathunthu. Ndiye anandiloza ndi cholembera, akuti aliyense wam'nyumba adzole tsiku limodzi, mukasiya mmodzi mwasiya mbewu.

Mbewuyo waidziwa kale. Abambo.

Iwo anati mphere ndi matenda a ana osasamba ndi akaidi. Akuti munthu amene anagwira ntchito kunjanji kolala yake yosadetsedwa, mkulu wa mpingo, sangadwale zoterozo. Akuti chawo n'chakuti magazi akungothamanga chifukwa cha kutentha. Ankanena zimenezi atavala tayi, msana akuukhuza pafelemu ya chitseko pang'onopang'ono ngati ng'ombe pamtengo. Rula ya kusukulu ya mwana wathu wamkulu Tinotenda inasowa. Tinakaipeza kunsi kwa pilo wawo pamodzi ndi chitsononkho.

Tinadzola tokha, iwo ayi. Tinanunkha mazira oola moti mu kombi anthu ankatisiyira mpando wonse, chinthu chimene sichinachitikepo m'mbiri ya Harare. Ine ndi Tinotenda tinatha nsapato pamzere wa ku chibhorani, mjigo wathu uja, kutunga madzi, Ratidzo akuwiritsa mabulangete mu mgolo panja. Tinachira. Koma patangopita masabata ochepa, Nomatter anayambanso kukanda, chifukwa iye ofesi yake ndi pamiyendo pa agogo ake, amene iye amawatchula kuti asekuru, amamvera nawo wailesi tsiku lonse.

Apa mlamu wako anakwiya zenizeni. Koma ndi muroora, mtengwa wa pakhomo pano, amapereka tiyi kwa apongozi ake atagwada, sangatchule khungu lawo pamaso pawo. Ndiye anaimika mwana pakati pa bwalo, pafupi ndi windo la abambo, n'kumamuuza mokweza m'Chishona kuti iwe Nomatter, popeza m'nyumba muno muli anthu amene magazi awo amathamanga, ife tikupita kwa ambuya ako, amayi anga, ku Caledonia mpaka magaziwo atatopa. Akuti ndipo kuyambira lero pamiyendo pa asekuru ako ndaletsa.

Melina, sikunali kuopseza chabe. Chikwama chinali chitatsika kale pamwamba pa wadirobu. Ine ndinali pakati, uku mkazi ndi ana, uku munthu amene anandibala. Ndinayesa kukambirana ndi mbali zonse monga tinaphunzirira, mbali zonse zinandiuza kuti ndikhale chete.

Mwana anamvera amayi ake. Ankaima pakhomo pa chipinda cha abambo, chala m'kamwa, osalowa. Abambo ankakweza wailesi, n'kuitsitsa, n'kuikwezanso. Anamuitana ndi bisiketi, iye anapukusa mutu n'kunena kuti asekuru muli ndi tizilombo. Tsiku limenelo abambo sanamalize tiyi wawo.

Mawa lake dzuwa litapendeka anandiitana. Anati a digiri, bwerani ndi zonunkha zanuzo, mutseke chitseko. Akuti ukaseka ndikuchotsa pa chuma changa chamasiye. Ndinawafunsa ngati akunena njinga yopanda tcheni ija. Anati imeneyo yomwe.

Anavula jekete n'kuikoloweka bwinobwino. Kenako tayi. Kenako malaya, vesiti pomalizira. Kutsogolo anadzola okha, mwaukali, ngati akupenta khoma la munthu amene sanawalipire. Atafika pa msana anaima. Anandipatsa botolo osandiyang'ana, n'kukhala pampando atandifulatira.

Unayamba waonapo msana wa abambo? Ine ayi. Unali wokandikakandika, mwina mwatuluka magazi, mmene rula inkafika. Ndinayamba kudzola ndi nsonga za zala ngati ndikugwira mbaula. Iwo anati kodi ukudzola kapena ukupempha chilolezo? Akuti amayi ako ankatsuka msana umenewu ndi mwala, dzanja lawo linali la munthu, osati lako lofewa ndi mabuku. Ndinadinikiza. Anapuma mpweya wautali, mapewa n'kugwa. Anati eya, pamenepo.

Zitatero zonse zinayenda. Nyumba yonse inadzolanso pamodzi, mgolo unabwerera pamoto, chikwama chinakweranso pa wadirobu. Masuti a abambo anakagona padenga m'matumba akuda, ndipo kwa sabata yonse mkulu wa mpingo ankayenda m'tirakisuti yanga yobiriwira. Ndinafuna kukujambulira, anati foniyo ndiiponya m'chimbudzi. Kuyabwa kunapitirira pang'ono monga anatichenjezera anesi, kenako kunazilala. Pano tonse tili salalala. Nomatter wabwerera pa ntchito yake, ndipo Ratidzo wawonjezera shuga mu tiyi wa apongozi ake, chomwe ndi chikhululukiro cha boma.

Nkhani ikanathera pomwepa, koma pali china.

Masiku odzola atatha, ine ndinatsuka botolo. Madzulo ake ndinamva akuitana kuti a dokotala, nthawi yakwana. Ndinatsala pang'ono kuwauza kuti mankhwala anatha ntchito. Nditalowa ndinapeza avula kale malaya, akhala pampando paja, andifulatira. Anati tizilombo timeneti n'tochenjera, tisatipatse mpata. Ndinati n'zoona abambo, anesi anateronso.

Anesi sananene zimenezo. Chimene ndimawadzoza tsopano ndi vasilini wamba. Salufa ndimangopaka pachivindikiro kuti fungo limveke, ulemu wawo usagwe. Ndikuganiza kuti akudziwa. Iwonso akudziwa kuti ndikudziwa. Timangopitiriza, tsiku ndi tsiku, ndipo ndi nthawi imene amalankhula. Andiuza za ulendo wawo wochokera ku Dedza ali mnyamata, za mmene anaonera amayi koyamba pa siteshoni atasenza dengu la malalanje, zinthu zimene sindinazimvepo chibadwire. Chimwalirire amayi, palibe wamkulu amene anawakhudzapo kupitirira moni wa padzanja. Ife tinkaona tayi n'kumati ali bwino.

Ndiye pempho langa ndi ili. Katundu amene umatumiza pa basi amafika, ndipo tikuthokoza. Koma Disembala uno ubwere iwe mwini. Usatumize mafuta odzola a fungo labwino, ndakudziwa, wayamba kale kuganiza zimenezo. Ubwere udzakhale nawo pakhonde, udzawagwire dzanja nthawi yaitali, ngakhale akunene kuti wayamba zachizungu.

Upereke moni kwa alamu anga, uwauze kuti mpando wawo ulipo ndipo tauwiritsa. Moni kwa azakhali a Dolly ukawaona kutchalitchi. Ratidzo, Tinotenda ndi Nomatter akupereka moni. Abambo akuti uzivala juzi, kumeneko kuli mphepo. Ambuye akusunge, akuyendetse bwino mpaka tidzaonane.

Jekete ija imabisa zambiri, Melina. Lamba wawo aboola mabowo atsopano ndi msomali, ndipo manja anga akamatsika pamsana paja amakumana ndi nthiti iliyonse. Ndimawaseka, iwo n'kumandinena, tonse n'kumaseka. Mwayi wanga ndi wakuti amakhala atandifulatira, nkhope yanga saiona.

Ndine mlongo wako,
Lameki