Zenera la Kumpoto

Heishigou, Jilin
Mwezi wa Okutobala

Wokondedwa mlongo wanga Zhenhai,

Ndikhulupirira uli bwino ku Dalian kumeneko, pamodzi ndi mlamu wanga Xiuyun ndi mwana. Kodi msana uja unasiya? Kuno tilipo, chimanga tinakolola, kabichi ali m'mitsuko. Mayi okha ndiwo akutsokomola, ndipo n'chifukwa chake ndagwira cholembera.

Nyumba yatsopano ya zipika ija inafika poika zitseko ndi mazenera. Ndikudziwa kuti sufuna n'kuimva komwe, poti unachoka utatupa chifukwa tinagwetsa ya malemu bambo. Koma werenga basi, wamkulu ndine.

Amene amatiikira ndi a Tan, akalipentala a kutsidya kwa mtsinje aja. Iwe ukundidziwa, sinditha kuona chinthu osafunsa, ndiye ndinkakhala pachitsa n'kumaonerera. Felemu sanaikhomere m'zipika ngakhale ndi msomali umodzi. Anagoba kangalande kumapeto kwa zipikazo, n'kulowetsamo thabwa, felemu n'kuikhomera pathabwalo. Pamwamba anasiya mpata woti dzanja langa n'kulowa, n'kutsekapo ndi ndere zouma.

Ndinawafunsa ngati maso ayamba kuwavuta poyeza. Anaseka, ati mkazi wa Guo iwe, pakamwa pakopo m'pamene pakufunika ndere. Akuti zipika zaziwisi zimafota zikamauma, khoma lonse limatsika pang'onopang'ono kwa zaka zingapo. Ukapanda kulisiyira malo limatsamira pafelemu, galasi n'kusweka, chitseko n'kukana kutseguka. Taona, ndakulira m'nyumba ya zipika koma zimenezi sindinkazidziwa.

Chimene chinandizunguza mutu kwambiri ndi cha mayi. Mazenera onse tinalozetsa kumwera, monga achitira aliyense. Iwo anati akufuna lina kuchipinda kwawo, kukhoma la kumpoto. A Tan anaika sowo pansi, ati agogo, mwatopa nawo moyo kodi, mukufuna kuitanira mphepo ya ku Siberia pa kang panu, pabedi lanu la njerwa losonkhera moto pansilo? Alamu ako anayesa kuwanyengerera, koma ukuwadziwa mayi ako, akanena anena, sabwerera m'mbuyo. Anati nyumba ndi yathu, maso ndi awo. Anaonjeza kuti likhale lotsika, loti munthu aziona kunja ali chigonere.

Ndinawafunsa tikusenda adyo kuti zeneralo n'lachiyani, ati kodi ukufuna ukwatiwe nalo? Ndinaganiza za manda a bambo, koma manda ali kum'mawa. Ndinaganiza kuti mwina akuopa akuba nkhuni, koma nkhuni zili pakhomo. Ndinafunsa ngakhale azakhali, iwo ati ukalamba ndi umwana, ndiwasiye.

Tsiku limene a Tan anaboola khomalo, mayi anali atapita kukacheza kwa aneba. Ndinagona pamalo pawo penipeni, mutu pamtsamiro wawo, n'kuyang'ana panja. Palibe chooneka, m'bale wanga. Mitengo basi, ndi kakona ka msewu paja imatulukira basi ya kutauni isanafike pamlatho.

Ndinagona pamenepo nthawi yaitali, mtima ukundiwawa. Chichokere iwe mayi sanakutchulepo dzina, ine n'kumati anakutaya.

Tsopano chisanu chayamba kugwa. Mazenera ena onse tawamata kunja ndi pulasitiki, koma lakumpotoli mayi akukana. Akuti pulasitiki imachita chifunga, sungasiyanitse munthu ndi ng'ombe. Kuzizira kukulowa pagalasi, moto wa pansi pa kang ukuchepa mphamvu, chifuwa chawo chikukulirakulira. Dzulo masana alamu ako anayesa kumata mayi ali m'tulo. Mayi anadzidzimuka, anagogoda galasi ndi ndodo, ati Guo, ndikadali moyo ine, usandikwirire. Nditawafunsa kuti nanga tidzamata liti, anati akaona chimene akufuna kuona.

Ndili ndi mantha, Zhenhai. Chifuwa chotere pamsinkhu wawo si chosewera nacho, ndipo ine sandimvera.

Za nyumba ya bambo tidzakangana ukafika, nanenso mawu anga ndili nawo. Koma ndikukupempha, bwera chipale chofewa chisanatseke msewu. Ukwere basi ya masana, kukadali kowala. Usafike nayo pasitolo. Utsike pakona paja, uvule chipewa, uyende pang'onopang'ono, pakuti maso awo safulumira masiku ano. Pulasitiki ndadula kale, ili kuseri kwa chitseko.

Undiperekere moni kwa Xiuyun ndi kwa makolo ake, mwana umuuze kuti azakhali ake amusungira mtedza wa paini. Alamu ako ndi azakhali akuti moni. Mayi sadziwa kuti ndakulembera.

Ukhale ndi thanzi, njira ikuyerere.

Ndine mlongo wako,
Yuefen