Timatabwa Tiwiri Tobiriwira mu Kompyuta ya Mdzukulu

Lolemba, pa 4

Mdzukulu wanga wadandaulanso. Akuti kompyuta yake yamasewera ikumatsamwa adani akachuluka, ramu ndi yochepa. Ndinafunsa kuti ramu n'chiyani. Anatsegula chitsulo cha m'mbali n'kundionetsa timatabwa tiwiri takuda, ndi mipata iwiri yopanda kanthu. Loweruka ali ndi mpikisano, iye ndi anzake anayi. Ine zaka makumi anayi ndikukonza njinga. Mpata wopanda kanthu umandiyabwa m'manja.

Lachiwiri, pa 5

Kwa wogulitsa zakale, kuseri kwa siteji ya mabasi. Timatabwa tiwiri, tobiriwira. Mtundu si kanthu, njinga siifunsa kumene sipoko wachokera. Ndinangofunsa ngati tilowe. Akuti, "Tilowa madala, mano ake ndi omwewo." Penshoni yatsala theka. Mankhwala a bondo adikire.

Mdzukulu ali kuntchito, ndinazula chingwe n'kulowetsa timatabwato m'mipata ija. Kunamveka tha, kawiri. Timapepala tomatidwapo ndinayamba ndamatula n'kupukuta ndi kansanza ka palafini, monga ndinkachitira ndi chitsulo chilichonse chakale. Inayaka. Ndinavina pang'ono, ndekha. Ndidzamuuza akapambana.

Lachinayi, pa 7

Yazima katatu ali pakati pa masewera. Galasi lonse buluu. Akuti, "Agogo, masana magetsi sanavute?" Ndinati ayi. "Palibe analowa muno?" Ndinati ayi. Ayi wachiwiriyu anatuluka yekha, ngati kuyetsemula.

Lachisanu, pa 8

Ndimati nditichotse m'mawa. Koma wapempha tchuthi, tsiku lonse ali momwemo, kufufuta zonse n'kuikanso. Chitsulo cha m'mbali sanatsegule. Ine kuzungulira pakhomo ngati nkhuku yofuna kuikira.

Masana anaimbira Wamagalasi, bwenzi lake, amene anamumangira kompyutayo. Wamagalasiyo anapita kutali kukagwira ntchito mpaka Lolemba. Khoma lathu n'lopyapyala. "Unandiikira zotola kudzala, eti? Unkaona ngati sindidzadziwa?" Mwana wa eni ake. Ine ndinali pa mpando, nyuzi m'manja, osaona ngakhale chithunzi.

Lamlungu, pa 10

Dzulo sindinalembe.

Pa mpikisano paja inazima atatsala pang'ono kupambana. Anzake agwa naye limodzi, ndipo akuti ulendo wina atenga munthu wina. Sanalire. Bola akanalira. Mphete imene anamuveka Wamagalasi wavula, ili pa zenera la kubafa pafupi ndi sopo.

Malemu mkazi wanga ankati manja angawa adzandipalira moto. Ndinkaseka.

Lolemba, pa 11

Wamagalasi wabwera ndi chikwama chake cha ulendo, osapita kaye kwawo. Anatsegula. Timatabwa tinayi. Anachotsa kamodzi kobiriwira, kukatembenuza, kukanunkhiza. Kenako anayang'ana manja anga. Ndinawabisa m'thumba ngati mwana wakuba shuga.

Ndiye akuti kwa mdzukulu, "Ndine ndinasakaniza, Lachiwiri ndisananyamuke, nonse kulibe. Ndinaiwala kukuuza." Mdzukulu anangoloza chitseko.

Wamagalasi ndinamuperekeza mpaka pa geti. Anandifotokozera mofatsa. Akuti timeneti timagulitsidwa tiwiritiwiri, toyesedwa limodzi. Ukasakaniza, nthawi zina timagwirizana, nthawi zina ayi, kena kothamanga, kena koyenda pang'onopang'ono. Timapepala tija ndi timene timanena liwiro lake. Ine ndinatitaya m'bini.

Ananditsetserezera timatabwato m'thumba la jekete. "Agogo, inu khalani chete. Ine anandizolowera kundikalipira." Ndi munthu amene chaka chatha ndinamunena kuti ali ndi manja a mkazi wa bwana, sangapope ngakhale tayala.

Lachiwiri, pa 12

Kompyuta ikuyenda bwinobwino ndi take tiwiri tija. Palibe akuisewera. Foni ya mdzukulu yalira kasanu m'mawa, osayankha.

Asanapite kuntchito anandipangira tiyi, kundikonza kolala. Akuti, "M'nyumba muno ndinu nokha agogo amene simundinamiza." Tiyi uja wazizira, sindinamukhudze.

Ndayeserera mawu tsiku lonse. Ndikayambira pa njinga, nkhani ikutalika. Ndikayambira pa penshoni, zikumveka ngati ndikufuna andimvere chisoni. Timatabwa tija ndangotiika pa tebulo, tiwiri, poti akangolowa atione. Kawiri ndatibweza m'thumba, kawiri ndatitulutsanso.

Faifi yakwana. Geti lalira. Ndi iyeyo, akukoka chidendene chimodzi monga mwa masiku onse. Manja ndawaika pa tebulo pomwepo, asathawirenso m'thumba.