Denti ya a Maureen

Amayi, kumeneko mukudzuka bwanji? Ndikudziwa simuyankha, koma munkatikalipira tikayamba kufotokoza mavuto tisanapereke moni.

Kumudzi aliko. Mkazi wa mwana wanu Yohane wabereka mtsikana, amutcha dzina lanu, ndipo akuti akalira amamveka ngati inu mukukangana ndi kasitomala. Chimanga sichinachite bwino chaka chino, mtedza ndiwo wawapulumutsa. Kuno mdzukulu wanu Tadala wayamba sukulu. Ndikamufunsa m'Chichewa amayankha m'Chingerezi, mwaulemu ngati wa ku banki. Ine ndikadali ku Oldbury, ndikusambitsa azungu okalamba ndi digiri ija munaivinira mpaka chitenje kumasuka. Moni wathera pomwepa. Amayi, ndili ndi mantha.

Pali agogo ena amene ndimawasamalira m'mawa uliwonse, a Dennis. Mutu wawo unayamba kutaya zinthu, dzina langa saligwira, tsiku salidziwa. Pabwalo pawo pali kalavani, kanyumba ka mawilo kokoka ndi galimoto, ka aluminiyamu, kakale kuposa ine. Ankayenda nayo ndi malemu akazi awo, a Maureen. Akamwa tiyi ndimawagwira mkono tikuizungulira, iwo akuisisita ngati ng'ombe yawo.

Lolemba lapitali, tatha kuzungulirako, ndinabweza galimoto m'mbuyo ndipo ndinagunda chivundikiro cha kutsogolo kwa kalavaniyo, chophimba mabotolo a gasi. Denti yake ngati chibakera. Mwana wa a Dennis, Julie, anandiuza tsiku loyamba lomwe kuti ndikhoza kuswa mbale zonse m'nyumbamo koma kalavaniyo ayi, chifukwa zitsulo zake ndi zomwe inabwera nazo ndipo fakitale yake inatsekedwa kalekale. Inu munatisiya ndisanakufotokozereni za visa. Yanga yamangiriridwa ku kampani yondilemba ntchito ngati mbuzi pachikhomo. Dandaulo limodzi lalikulu, chingwe n'kuduka, ine ndi Tadala pandege.

Munthu wanzeru akanaimbira foni ku ofesi. Ine ndinakumbukira inu pa shedi ija ku Mchesi, mutatenga nyundo ya bambo atamwalira, amuna okhoma ndowa akukusekani mpaka makasitomala awo atayamba kubwera kwa inu. Ndinamasula masikuluwu anayi, n'kuika chivundikirocho m'buti.

Nditaweruka ndinapita nacho kwa a Phiri a kutchalitchi, a ku Chipata, amene ali ndi kagalaja kufupi ndi New Cross. Anandibwereka moto wa gasi ndi nyundo ya mtengo, n'kundiuza kuti chikasungunuka iwo sakundidziwa. Ndinachita monga munkachitira ndi mapoto a anthu. Ndinapaka sopo, n'kuyamba kutenthetsa. Mawu anu ndinkawamva m'khutu: chitsulo ichi n'chachinyengo, sichifiira, chimangokhala duu kenako chasanduka madzi, ndiye uziyang'ana sopo, akada chotsa moto. A Phiri anatuluka panja. Sopo anada. Chitazizira ndinachigoneka pathumba la mchenga, n'kumakhoma pang'onopang'ono kuyambira m'mphepete, osathamangira pakati. Denti inatuluka, Amayi. Mukanaona mukanati mwana uyu sukulu sinamuwonongeretu.

Pamenepo ndipo ndinapusa. Pakona panali kadenti kena kakale, kongokwana chala chachikulu. Ndinati ntchito ikhale ya munthu wa digiri. Ndinakawongolanso.

Lachiwiri ndinalawirira, ndinachibwezera a Dennis asanadzuke. Atamwa tiyi tinayamba kuzungulira. Titafika pakona paja zala zawo zinaima. Zinafufuza, zinabwerera, zinafufuzanso. Kenako anandiyang'ana, m'maso muli gwa, n'kufunsa: "Maureen wapita kuti?"

Miyezi yonseyi sanafunsepo funso limenelo. Pobwerera m'nyumba ndinaona chithunzi cha pakhoma chimene ndachipukuta fumbi kambirimbiri osachiyang'ana. A Maureen ali mtsikana, akuseka, chala chikuloza kadenti komweko. M'munsi mwake analemba pamanja kuti linali tsiku lawo loyamba kubweza galimoto m'mbuyo. Ine ndinkayesa agogo amasisita kalavani. Iwo ankapita kukapereka moni kwa akazi awo, ndipo ine ndawafafaniza ndi nyundo.

Lero ndi Lachisanu. Masiku anayi tsopano tiyi akumusiya, phala akungolitakasa. Amaima pakona paja mpaka ndiwakoke, mphepo ikuwaomba. Thalauza layamba kuwakhwepa. M'buku la lipoti ndalemba kuti sakudya bwino, chifukwa chake sindinalembe. Foni ikalira ndimayamba ndayang'ana ngati ndi a ku ofesi. Sindikudziwa chimene ndikuopa kwambiri, ndege kapena kuwapeza tsiku lina sanadzuke.

A Phiri akuti nkhani yake njosavuta, ndikangogogoda kamodzi pakonapo denti ibwerera. Dzulo nyundo ndinaigwiradi, nditaima pomwepo. Koma zala zimene zakhala zikugwira malo amodzi zaka zonsezi ndingazinamize ine? Ndiponso ndinakumbukira ndowa ya mayi a Nachisale, imene ndinaiboola ndili Sitandade 6 n'kumata bowolo ndi phula. Simunandimenye. Munandisenzetsa ndowayo mpaka kwawo kuti ndikanene ndekha, inu mukubwera pambuyo ngati wapolisi.

Julie akubwera mawa m'mawa. Ndikamudikira pageti, chithunzi chija kudzanja lina, nyundo kudzanja lina, ndipo ndikamuuza zonse asanatseke chitseko cha galimoto. Akafuna kuimbira ofesi, aimbe. Akafuna kuti denti ibwerere, agogode yekha, pakuti ndiye mwana wa a Maureen. Ine ndingomugwirira thumba la mchenga ndi kumuonetsa pomenya.

Ndikulonjeza kuti sinditembenuka panjira. Koma mubwere pambuyo panga monga tsiku lija, chifukwa miyendo iyi sindikuikhulupirira.

Ndimakukondani, Amayi.

Ine mwana wanu wokhoma ndowa wa digiri,
Tamanda