Makutu a Malita

Lamulungu, 1 Juni 2014

Mwana wanga Malita watembenuka lero. Ndilembe ndisanaiwale.

Ku tchalitchi. Kinsley, woyimba kiyibodi wathu, amatsanzika, mawa ulendo wa ku Joni. Ndiye anakweza sipika yaikulu ija mpaka malata kunjenjemera. Mwana anali pa benchi, pakati pa ine ndi amake. Anangodzutsa mutu, kuyang'ana kutsogolo, n'kumwetulira. Koyamba chitulukireni m'chipatala mu Malichi muja.

Chidwalireni malungo aakulu aja sanatulutsepo mawu. Kumuyitana, zii. Kale ankatisokosa ndi kanyimbo ka ku Sande sukulu ka nyama za Nowa, kuyambira m'mawa. Zaka zitatu zokha koma mawu onse pamtima.

Adokotala a ku Boma anati tipite naye ku Blantyre akamuyeze makutu. Anne, mkazi wanga, akufuna tipite. Ine ayi. Mwana wosamva angamwetulire nyimbo? Akumva ameneyu. Pakamwa pangomangika basi, ngati tcheni cha dzimbiri. Chimangofuna oyilo.

Lachitatu, 4 Juni

Ntchito yochepa. Kumata machubu, kuwongola limu ya njinga ya wakabaza wina. Ndatseka msanga, ndapita kwa a Jailosi, akulu a kwaya, amene amasunga kiyi wa tchalitchi.

Ndawapempha ndiphunzire kiyibodi. Anaseka mpaka kutsokomola. "A Masauko, zala zozolowera sipanalazi? Mukufuna mutithyolere katundu wa Mulungu?" Ndinawafotokozera za mwana. Kuseka kunatha.

Malamulo awo: kusamba m'manja ndi sopo, girisi asaoneke. Kiyibodi isatuluke pakhomo. Sipika yaikulu ndi ya Lamulungu lokha, imayendera jenereta, petulo ndi wa mpingo. Ine ndizigwiritsa ntchito batire la galimoto lili kuseri kwa guwa, kutchajitsa ndekha. Iwo kiyibodi saidziwa, amangodziwa do re mi wa pakamwa. Azindiyimbira, ine ndizisaka pomwe pali mawuwo.

Ganizo ndi limodzi. Ndikamuyimbira kanyimbo kake komwe kaja, atsegula pakamwa. Ndamuuza Anne andipatse mwezi uno wokha.

Loweruka, 7 Juni

Chinthu chija n'chovuta.

Mabatani onse nkhope imodzi. Njinga ikavuta umaona ndi maso pomwe pavuta. Apa palibe choona. Ndikadina limodzi, chala chikugwira awiri. A Jailosi akuti, "Pang'onopang'ono bambo, simukupopa tayala."

Dzanja lamanzere ndalisiya. Mbali imeneyo mawu ake ndi akuluakulu, ongobangula ngati thiraki ya ku Mozambiki ikukwera chitunda. Nyimbo yeniyeni ili kumanja, ku mawu ang'onoang'ono. Nthawi yotaya ndilibe.

Sukulu ndinalekera Sitandade 5. Lero ndakumbuka chifukwa chake.

Lachinayi, 12 Juni

Malita amasewera ndi makoko a manachesi pakhonde. Ndinazembera kumbuyo kwake, n'kugwetsa sipanala yaikulu pamwala. Anatembenuka! Ndinakuwa, amake abwere aone.

Anne sanasiye n'komwe kupeta. "Waona nkhuku zikuthawa, bambo a Malita. Si sipanala yanuyo."

Sindinabwereze. Kaya chifukwa chiyani. Sipanala inali m'manja momwemu.

Kukuzizira. Juzi ya mwana yafupika mikono.

Lachiwiri, 17 Juni

Ndinamata tizidutswa ta selotepi wakuda pa mabatani anga, kuti ndisamasochere. Zinayamba kuyenda. Lero ndapeza mwayera mbee. Amayi osesa m'tchalitchi Loweruka anamatula tonse, n'kupukuta bwinobwino. Akuti amaona ngati ana anachita chipongwe.

Ndayambiranso. Mzere woyamba wokha, wa njovu ndi mkazi wake, masana onse.

Batire nalonso lakalamba. Wotchaja pa msika wa Thambani amadalira sola, ndiye ndi chiperoni chimenechi silikudzaza. Likafuna kutha silichenjeza, limangoti zii pakati pa nyimbo. Kulinyamula pa keliyala ya njinga, kupita, kubwera. Msana.

Makasitomala ayamba kupita kwa mnzanga wa pafupi ndi chigayo. Akabwera masana akupeza potseka. Ndiwo za sabata ino wagula ndi Anne, ndi ndalama za manachesi amene amagulitsa. Sananene kanthu. Bola akananena.

Lachisanu, 27 Juni

Masiku apitawa panalibe cholemba. Zomwezomwezo.

Lero kanyimbo katuluka konse, kuyambira njovu mpaka nkhunda. Kotsimphina, koma konse. A Jailosi akuti, "Nowa akanamva izi akanatseka chitseko msanga." Kenako anandigwira paphewa.

Ndinabwerera kunyumba mtima uli m'malo. Ndinapeza Anne maso ofiira. Ana a pa mjigo akumutchula Malita kuti gonthi. Amamuyimirira kumbuyo n'kumamukuwira, kupikisana woti amutembenuza ndani. Palibe anapambana.

Ndinati ndikawathyola miyendo. Anne anati, "Muthyola ana a eni chifukwa anena zomwe inu mukuopa? Si nyimbo mukuikonda inu. Mukuthawa Blantyre."

Mawu amenewo akundiwawabe.

Zoona ndikuopa. Bola pano ndikumati kaya. Munthu wovala choyera akangonena, basi, zatha, palibe sipeya wa makutu. Mwana wanga sadzamvanso ndikumuyitana? Pa msewu, galimoto ikubwera kumbuyo? Kusukulu adzamulandira ndani?

Tagwirizana. Loweruka la mawa lino ayi, linalo. Ndimuyimbira. Akapanda kuyankha, tipita.

Lachinayi, 3 Julayi

Kubwereza, kubwereza. Ngakhale pomanga masipoko zala zikumayenda zokha pa limu. Batire ndalisiya kotchaja. Dzuwa silinaoneke tsiku lonse.

Mulungu, mawu amodzi okha. Ngakhale "njovu."

Loweruka, 5 Julayi

Ndilemba mmene zinayendera, mwina mutu upepuka.

Masana, amayi osesa atapita. Ine, Anne, mwana, a Jailosi. Malita tinamuveka diresi ya Khirisimasi. Ndinamukhazika pa mpando patsogolo panga penipeni. Manja ndinasamba kawiri.

Ndinayamba. Njovu inalowa bwino. Ndimagwedeza mutu powerenga, monga anandiphunzitsira a Jailosi. Malita anandiyang'ana. Anayang'ana zala. Kenako anayamba kugwedeza mutu nayenso. Kenako kuwomba m'manja! Kuseka, mano onse panja. Ndinamva a Jailosi akuti "Ambuye!" Ine misozi, mabatani osawaonanso. Mumtima ndimati Anne waona? Waona?

Tili pa akadyamsonga, batire linatha.

Zii. Kagetsi kofiira kanazima. M'tchalitchi monse chete, kumangomveka mabatani okha, kwapu kwapu, ngati munthu akusenda nyemba.

Zala zanga sizinaime. Kaya mantha, kaya chiyani. Ndinapitiriza kudina, mutu ukugwedezekabe.

Malita anapitiriza kuwomba m'manja.

Chimodzimodzi. Kuseka komwe kuja, kugwedeza mutu komwe kuja. Sanadabwe, sanayang'ane uku ndi uku kuti nyimbo yapita kuti. Ndinayimba mzere wonse wa nkhunda pa kiyibodi yakufa, mwana wanga akuvinira.

Nditaimitsa manja, nayenso anaima. Anandigwira chala n'kuchibwezera pa batani. Ndipitirize masewerawo.

Anne anatuluka panja. A Jailosi anayamba kupinda nsalu yovundikira kiyibodi, kuipindanso, kuipindanso.

 

Lolemba, 7 Julayi

Sindinatsegule. Dzulo ku tchalitchi sindinapite.

Anne sanati ndinakuuzani. Wandiikira madzi osamba, basi.

Ndamuyitana mwana dzina lake ali chondifulatira. Kamodzi kokha, motsitsa. Sindidzachitanso.

Mwezi wathunthu. Mwina akanamuona msanga kukanakhala chochita. Kaya. Ndamuchedwetsa ndine.

Lachinayi, 10 Julayi

Chinthu chimodzi chikundizunguza. Nanga tsiku la Kinsley lija? Anamwetulira, ndinaona ndi maso angawa. Kinsley anali kutali, zala zake mwana sakanaziona. Nkhuku panalibe.

Chinthu sichiyenda chokha. Pali chinachiyendetsa.

Lamulungu, 13 Julayi

Ndapita chifukwa a Jailosi anachita kunditenga pakhomo. Kwaya yayimba pakamwa pokha, jenereta ndi ya maiki a abusa.

Anthu atatuluka, jenereta ikulirabe, ndinawapempha andilumikizire kiyibodi ku sipika yaikulu. Anayang'ana kukhomo. "Petulo wa mpingo ameneyu. Fulumirani, ine sindinaone."

Malita ndinamukhazika pa benchi yomwe ija, chondifulatira, asandione. Ndinayimba kanyimbo kake, kumanja. Mokweza ndithu. Palibe. Amangoseweretsa lamba wa nsapato.

Kenako ndinaika dzanja lamanzere kumapeto kwenikweni, ku mabatani obangula aja. Ndinadina limodzi n'kugwiritsa. Malata ananjenjemera. Pansi pa mapazi anga pananjenjemera.

Anadzutsa mutu. Anayala manja onse awiri pa benchi. Anatsika, kuyenda molunjika ku sipika, n'kuikumbatira, mimba ndi tsaya zonse. Ndikasiya, akumenya sipika ndi kachikhatho. Ndikadina, akuseka. Ndipo anatulutsa mawu. Si mawu a nyimbo, si njovu. "Mmmm" chabe, wautali, wochokera pansi pa mimba.

Ndiye zinali choncho. Si makutu. Benchi ndi imene inamuuza.

Mwezi wonse ndaphunzitsa dzanja lolakwika.

Lolemba, 14 Julayi

Pa siteji ya Thambani, kudikira pikapu ya ku Boma. Kuchokera uko minibasi ya ku Blantyre. Anne wamubereka mwana, wamuveka chipewa changa, chikumugwera m'maso. Buku la kuchipatala lili m'thumba la jekete. Ndaligwira kangapo kuona ngati lilimo.

Zomwe akanene ndikuzidziwa kale. Ndikungofuna andiuze chochita. Ndikafunsanso za sukulu ya ana otere, akuti iliko.

A Jailosi anadutsa akupita kumunda. Akuti nanga kiyibodi, ndaitaya? Ndati ayi, tikabwerako ndiyamba za kumanzere. Akuti kumeneko do re mi wawo safikako, mawu awo ndi aang'ono. Ndati tizisaka.

Malita wagona. Ndaika kamwa pamsana pake, pa nsalu, ndikung'ung'udza motsitsa ngati thiraki. Anthu akundiyang'ana. Wagwedeza kaphazi.

Pikapu ija yafika, tikukwera.